KUSONKHANA KWA BANJA: SEWERO LIMENE LIDAGAWA OONERERA

Phunziro la akatekisti ndi Akristu onse

Inu akatekisti ndi akuru a mpingo amene mumaitanidwa kukakonza nkhani za m'mabanja: phunziro lathu la ulendo uno licokera kutali, ku nyumba za masewero za mu mzinda wa London, m'dziko la England. Tifuna kukamba za sewero lina la m'Cingelezi, dzina lace The Family Reunion, ndiko kunena kuti Kusonkhana kwa Banja. Lidaonetsedwa koyamba m'caka ca 1939, ndipo anthu ambiri sadalikonde. Komabe silidaiwalike, pakuti lidabwezedwanso pamaso pa anthu m'zaka za 1946, 1956, 1979, 1999 ndi 2008. Nkhani yace idakhala yomweyo zaka zonsezi, koma oonerera adalilandira mosiyanasiyana, ndipo sadagwirizane konse pa funso limodzi: kodi wolakwa m'banja limenelo ndani, mwana kapena mai wace? Tikapenyetsetsa cimene cidawagawa anthuwo, tidzatolapo nzeru yotithandiza pa misonkhano ya mabanja athu.

1. Mlembi wace

Wolemba sewerolo ndi T. S. Eliot. Adabadwira ku St. Louis, m'dziko la America, m'caka ca 1888. Adasamukira ku England mu 1914, ndipo adamwalira ku London mu 1965. Adachuka kwambiri ndi ndakatulo, kotero kuti mu 1948 adalandira mphotho ya Nobel, imene amapatsa alembi opambana a pa dziko lonse. Mu 1927 adabatizidwa mu mpingo wa Anglican, ndipo kuyambira pamenepo zolemba zace zidadzala ndi maganizo a Cikristu: za chimo, za kulapa, za cifuniro ca Mulungu. Mu 1935 adalemba sewero la imfa ya Thomas Becket Woyera, Arkiepiskopi wa ku Canterbury, amene adaphedwa m'katedrale mwace m'caka ca 1170. Sewero limenelo anthu adalikonda. Tsono Eliot adafuna kuyesa nchito yobvuta koposa: kucotsa nkhani ya chimo ndi cipulumutso m'mbiri ya oyera akale, ndi kuiika m'nyumba ya anthu a masiku ace, anthu okwera galimoto ndi owerenga nyuzipepa.

Mizu ya nkhaniyo adaitenga kwa Agriki akale. Mlembi wao Aeschylus adaonetsa ku Athens, zaka 458 Ambuye Yezu asanabadwe, nkhani ya Orestes, mwana amene adapha mai wace polipsira imfa ya atate wace. Mizimu yoopsa, yolipsira mwazi, idayamba kumlondola usana ndi usiku. Koma pa mapeto pace mizimuyo idasandulika, ndipo idachedwa Eumenides, ndiko kuti okoma mtima. Mizimu yomweyi Eliot adailowetsa m'sewero lace, naiimika pa zenera la nyumba ya Angelezi olemera.

2. Nkhani yace mwacidule

Nyumbayo dzina lace Wishwood, iri kumpoto kwa England. Eni ace ndi Mai Amy, amasiye, okalamba ndi odwala mtima, koma olimba pa cimene afuna. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwao aitana abale onse: ang'ono ao atatu, Ivy, Violet ndi Agatha, alamu ao awiri, Gerald ndi Charles, ndiponso ana ao amuna atatu, Harry, John ndi Arthur. M'nyumbamo mukhalanso mtsikana wina wacibale, dzina lace Mary. Cacikuru cimene onse alikudikira ndico kubwera kwa Harry, mwana woyamba, amene adacoka zaka 8 zapitazo. Zaka zonsezo amai ace adalamula kuti m'nyumba musasinthidwe kanthu, kuti mwanayo akadzabwera adzapeze zonse monga adazisiya, akhazikike, alowe m'malo mwa atate wace. Awacenjezanso abale kuti asachule za mkazi wa Harry, amene adagwera m'nyanja kucokera m'sitima ya pamadzi caka catha; onse acite ngati palibe cimene cidacitika.

Harry afika, koma sali monga adamyembekezera. Maso ace ali pa zenera, pakuti alikuona mizimu ija itamtsata kufikira kwao. Ndipo pamaso pa abale anena mau oopsa, akuti mkazi wace sadagwe yekha, adamkankha ndi iye. Abale adodoma, nayesa kuti mutu wace wasokonezeka. Aitana dotolo wa banja, dzina lace Warburton. Dotoloyo amcenjeza Harry kuti mtima wa amai ace uli wofoka, ndipo cododometsa ciriconse cingathe kuwapha. Pakali pano kudza mau akuti John wapwetekeka pa ngozi ya galimoto m'nkhungu, ndipo Arthur nayenso wacita ngozi yace ku London. Onse awiri safika ku phwando.

Pamenepo Agatha, amai ang'ono a Harry, amene ali mkuru wa sukulu yaikuru ya akazi, amuululira cinsinsi cimene cidabisidwa iye asanabadwe. Atate a Harry sadakondane ndi Mai Amy. Mtima wao udali pa Agatha yemweyo, ndipo pamene Mai Amy adali ndi pakati pa Harry, bamboyo adalikuganiza njira zowaphera. Agatha ndiye adamletsa, cifukwa ca mwana amene adali m'mimbayo. Harry pakumva izi mtima wace umasuka. Azindikira kuti cidani cimene adali naco pa mkazi wace cidaphuka m'nyumba imene idasowa cikondi ciyambire, ndipo kuti kapena sadamkankhe konse, koma adangolakalaka imfa yace mumtima. Mizimu ija saiopanso. Aiyesa tsopano amithenga omuitana ku moyo wa kulapa ndi kupepesa. Usiku womwewo atsazika, nacoka pamodzi ndi wanchito wace Downing, osanena bwino kumene alikupita. Mai Amy, ataona kuti zonse zimene adakonza zagwa, amwalira. Sewero litha pamene Agatha ndi Mary alikuzungulira keke ya phwando, akuzima makandulo ace pang'ono pang'ono, kufikira kutagwa mdima.

3. Oonerera a 1939

Sewero lidayamba kuonetsedwa pa 21 March 1939 ku Westminster Theatre. Wolitsogolera adali E. Martin Browne, bwenzi la mlembi, ndipo wosewera m'malo mwa Harry adali Michael Redgrave, mnyamata amene pambuyo pace adachuka ndithu. Ngakhale zidatero, lidangokhala masabata 5, nilitsekedwa. Olemba m'manyuzipepa ena adatama kukoma kwa mau ace, ena adati ndi lobvuta kumva. Ndipo anthu wamba sadadze ambiri. Tingathe kuchula zifukwa zitatu.

Coyamba, anthu adadza kudzaona nkhani ya mtundu umene adauzolowera. Masiku amenewo Angelezi adakonda mabuku ndi masewero a milandu ya kupha, m'mene wapolisi wocenjera amafufuza kufikira atagwira wakuphayo. Apa adamva munthu alikubvomera kuti adapha, adaona ndi wapolisi yemwe alikulowa m'nyumba. Koma wapolisiyo adangodza kudzanena za ngozi ya John, ndipo funso lakuti Harry adaphadi kapena iai silidayankhidwe kufikira mapeto. Mlembi sadasamale za mlandu wa ku bwalo; maso ace adali pa chimo la mumtima ndi malipiro ace.

Caciwiri, mizimu ija idawabvuta. M'nthano za Agriki idali pamalo pace. Koma kuiona itaima pa zenera la cipinda ca alendo, pakati pa anthu obvala masuti, kudali kwacilendo, ndipo m'malo mocititsa mantha kudangodabwitsa.

Cacitatu ndi nyengo. Masiku 6 sewero lisanayambe, pa 15 March, asilikali a Hitler adalowa mu mzinda wa Prague, ndipo aliyense adaona kuti nkhondo yayandikira. Munthu amene mtima wace uli m'mwamba ndi mantha a nkhondo, akapita ku masewero amafuna akaseke ndi kuiwala. Safuna kukamva za cikumbumtima ca mwana wa anthu olemera.

4. Oonerera a 1946

Nkhondo idabukadi mu September 1939, nitha mu 1945. M'caka ca 1946 Browne yemwe uja adalibweza sewerolo ku Mercury Theatre, kanyumba kakang'ono ka mipando yosafika 200, ndipo ulendo uno anthu adalilandira bwino kopambana poyamba. Paja mau a akuru akoma akagonera. Koma cidasintha nciani m'zaka 7 zokha?

Cidasintha ndi moyo wa oonerera. Pa kutha kwa nkhondo dziko la Britain lidali ndi anthu oposa mamiliyoni 4 m'magulu ace a nkhondo, ndipo kuyambira mu June 1945 adayamba kubwerera kwao, ena atakhala kutali zaka 4 kapena 5. Pa ciyambi ca nkhondo, anthu ngati 1,500,000, ambiri a iwo ana, adasamutsidwa m'mizinda kuopa mabomba, nakasungidwa kumidzi ndi anthu osawadziwa. Motero mu 1946 kusonkhana kwa banja kudali nkhani ya pafupifupi khomo lirilonse. Ndipo anthu adaphunzira ndi misozi kuti tsiku lobwera mwamuna kapena mwana, limene adaliyembekeza ngati mapeto a mabvuto, nthawi zina lidali ciyambi ca mabvuto ena. Mwamuna adabwera ali ndi zinthu mumtima zimene adaziona kapena kuzicita, zosatheka kuzikamba pa cakudya. Mkazi adali atazolowera kuyendetsa nyumba yekha. Ana adathawa atate ao ngati mlendo. Ku England ndi Wales, maukwati othetsedwa ku bwalo la milandu adali ngati 6,000 m'caka ca 1938. M'caka ca 1947 adapitirira 60,000.

Anthu otere, poona Harry alikulephera kufotokozera abale ace cimene cirikumdya, sadasowenso womasulira. Adadziwa kale kuti munthu angathe kubwera kwao ndi thupi, mtima utatsala kwina. Ndiponso kuti otsala pakhomo angathe kukhala alikudikira munthu amene kulibenso, cifukwa wobwerayo wasandulika wina.

5. Mlembi aweruza nchito yace

Cododometsa ndi cakuti woonerera wouma mtima koposa onse adali mlembi mwini. Mu November 1950 Eliot adakamba pa sukulu yaikuru ya Harvard, ku America, za ndakatulo ndi masewero, ndipo mau acewo adasindikizidwa mu 1951. Pamenepo adachula zolakwa za sewero lace mosabisa. Za mizimu ija adafotokoza kuti adayesa njira zonse zoionetsera: poyera, kuseri kwa nsaru yopyapyala, m'cizirezire, koma nthawi zonse idaoneka yoseketsa kapena yosazindikirika. Tsono adalangiza kuti m'tsogolo isamaonetsedwe kwa oonerera, koma kuti zimveke kuti aiona ndi ena okha mwa anthu a m'seweromo. Colakwa cina cacikuru, monga mwa iye, cidali cakuti oonerera amatsala osadziwa ngati aona tsoka la mai kapena cipulumutso ca mwana. Adaonjezanso kuti cifundo cace conse cidali citapita kwa mai uja, ndipo Harry adayamba kumuona ngati munthu wodziyesa wolungama, wotopetsa kumumvera. Taonani: patangopita zaka 11, munthu yemwe adalemba nkhani ya cipulumutso ca mwana adacoka kumbali ya mwanayo, nakaima kumbali ya mai.

Mu 1956 sewero lidabwezedwa ku Phoenix Theatre, wolitsogolera Peter Brook. Harry adali Paul Scofield, amene pambuyo pace adasewera m'malo mwa Thomas More Woyera, ndipo Mai Amy adali Sybil Thorndike. Mu 1979 Harry adali Edward Fox. Mu 1999 lidaonetsedwa ndi gulu la Royal Shakespeare Company. Ndipo mu 2008, ku Donmar Warehouse, Samuel West adali Harry, Gemma Jones adali Mai Amy, Penelope Wilton adali Agatha. Maganizo adakhalabe ogawikana: ena adaliyesa sewero lakuya ndi lolasa mtima, ena lozizira ndi locuruka mau.

Oonerera a zaka zotsirizazi adadza ndi cidziwitso cimene ambiri a 1939 analibe, pakuti mbiri ya ukwati wa Eliot idali itadziwika. Mkazi wace woyamba, Vivienne, adali wodwaladwala. Awiriwo adapatukana mu 1933. Mu 1938 mkaziyo adaikidwa m'cipatala ca odwala misala, komwe adamwalira mu 1947. Mu 1984 nkhani ya ukwati umenewu idaonetsedwa m'sewero lina, lochedwa Tom and Viv. Cifukwa ca ici, ambiri poona Harry amaona mlembi alikulimbana ndi cikumbumtima cace. Kuweruza mtima wa mlembi si kwathu, ndi kwa Mulungu. Koma pali funso lolungama limene cidziwitso cimeneci cimadzutsa: nanga mkazi womira uja, amene ngakhale dzina lace silichulidwa m'sewero lonse, amlira ndani?

6. Magulu atatu

Tikasonkhanitsa zonsezi, tiona kuti oonerera amagwa m'magulu atatu. Ndipo magulu omwewo amapezeka pa msonkhano uliwonse wa banja, kaya ndi pa ukwati, pa maliro, pa Krisimasi, kapena pobwera mwana amene adakhalitsa ku nchito kutali.

Gulu loyamba ndi la oima ndi mai. Iwo ali ndi coonadi m'manja mwao, pakuti lamulo lacinai la Mulungu litiuza kulemekeza atate ndi amai. Ambuye Yezu adadzudzula anthu amene ankamana makolo ao cithandizo ponamizira kuti cuma cao adacipereka kwa Mulungu (Marko 7:9-13); ndipo Iye mwini, ali pa mtanda, sadaiwale kusiya Amai ace m'manja mwa Yoane (Yoane 19:26-27). Harry adacenjezedwa ndi dotolo, komabe adacoka usiku womwewo. Koma oima ndi mai asaiwale kuti Mai Amy adafuna mwana wa m'maganizo mwao, mwana wa zaka 8 zapitazo, ndipo mwana weniweni wofika pakhomo, ndi mabala ace, sadafune kumumva. Walira mvula walira matope: woitana mwana kuti abwere, aitananso zonse zimene mwanayo wasenza.

Gulu laciwiri ndi la oima ndi mwana. Iwonso ali ndi coonadi, pakuti bala lobisika silipola, ndipo Mulungu akaitana munthu, ngakhale cikondi ca makolo sicingapambane kuitana kwace (Mateo 10:37). Koma akumbukire kuti Yezu, atapezeka m'Nyumba ya Mulungu ali wa zaka 12, adawauza makolo ace za nchito ya Atate ace, nabwerera nao ku Nazareti, nawamvera (Luka 2:41-51). Harry adalankhula ndi abale ace ngati munthu woima pa culu, alikupenya pansi anthu osazindikira; ndipo kudzikuza kumeneku ndiko kumene mlembi mwini adadzanyansidwa nako. Paulo Woyera atiphunzitsa kuti coonadi ciyende pamodzi ndi cikondi (Aefeso 4:15). Kulapa kumene kumcititsa munthu kupeputsa abale ace sikunafike pa muzu.

Gulu lacitatu silidzichula lokha, koma ndilo lalikuru. M'seweromo muli abale anai, Ivy, Violet, Gerald ndi Charles, amene nthawi zina amaleka kuceza kwao, nalankhula onse pamodzi ndi liu limodzi, kuulula zimene ziri m'mitima mwao. Iwowa si anthu oipa; amangoopa manyazi, amaopa kuti nkhani ya banja ingaturuke m'nyuzipepa, amafuna kuti zonse zithe msanga apite kwao. Zonena zao zina ndi zoseketsa, ndipo ndizo zimapumitsa oonerera m'sewero lolemera cotere. Koma woseka adzifunse: pa msonkhano wotsiriza wa banja lathu, ine ndidakhala pa mpando wa yani? Ambirife sitiri Harry kapena Mai Amy. Tiri malume kapena azakhali amene adadziwa cimene cidabvuta, nakhala cete, nadya nsima, natsazika.

Phunziro lace ndi ili. Kusonkhanitsa abale m'nyumba imodzi ndi kwapafupi: kufuna kalata ndi cakudya basi. Koma kuyanjanitsa mitima kufuna zinthu ziwiri pamodzi, coonadi ndi cifundo. Ku Wishwood mai adafuna mtendere wopanda coonadi, mwana adadza ndi coonadi copanda cifundo, abale ena adapenyerera. Ndipo phwando lidatha ndi maliro. Oonerera amagawikana cifukwa aliyense amagwira cimodzi mwa ziwirizo, cimene iye mwini adacisowa kwao.

7. Cenjezo kwa akatekisti

Sewero limeneli limakamba ngati kuti m'banjamo mudali temberero locokera kwa atate, limene mwana ayenera kulisenza. Apa tisamale pophunzitsa. Zoona, zipatso za chimo zimayenda m'banja: mwana wokulira m'nyumba ya cidani amaphunzira cidani, monga mwana wa m'nyumba ya pemphero amaphunzira kupemphera. Koma mlandu wa chimo la atate sugwera mwana. Mneneri Ezekieli adafotokoza ici m'mutu 18 wonse, kuti munthu aliyense adzayankha za macimo ace a iye mwini. Ndipo Ambuye, atafunsidwa za munthu wobadwa wakhungu, adakana kuti khungulo lidadza ndi chimo lace kapena la makolo ace (Yoane 9:1-3). Chimo lobadwa nalo Ubatizo umacotsa. Macimo athu a ife eni Sakramenti la Kulapa limacotsa. Mkristu asakhale ndi mantha kuti mizimu yolipsira irikumtsata cifukwa ca zocita za agogo ace.

Koma pa cinthu cimodzi Eliot adalasa pamtima. Oonerera a 1939 adafuna kudziwa ngati Harry adakankha mkazi wace ndi dzanja. Ambuye atiphunzitsa kuti kupha kumayamba ndi mkwiyo wa mumtima (Mateo 5:21-22). Kulakalaka imfa ya mnzako sikufanana ndi kumupha, ndipo bwalo la milandu silingakuzenge; koma pamaso pa Mulungu ndi chimo lofunika kuliulula. Mizimu imene idabvuta kuionetsa m'sewero, ife tiidziwa dzina lace: ndi cikumbumtima. Ndico cifukwa cace sicitheka kucibveka nsaru ndi kuciimika pa zenera; amaciona ndi mwini wace yekha.

8. Kusonkhana kumene kudatha bwino

Malembo Oyera atipatsa citsanzo ca banja lina limene lidali ndi cinsinsi coopsa, koma kusonkhana kwace kudatha ndi moyo: ndilo banja la Yozefe ndi abale ace ku Ejipito (Genesis 45). Taonani njira yace. Adayamba waturutsa alendo onse, kuti abale ace asacite manyazi pamaso pa anthu. Adachula colakwa cao ndi dzina lace, kuti adamgulitsa. Sadacite ngati palibe cimene cidacitika. Adalira nao, nawapsompsona. Ndipo mwamsanga adafunsa za atate ao okalamba, natumiza magareta okawatenga. Coonadi ndi cifundo zidayendera limodzi. Ngakhale zidatero, atamwalira Yakobo abale aja adacitanso mantha, ndipo Yozefe adawalimbitsanso mtima kaciwiri (Genesis 50:15-21). Ici citiphunzitsa kuti ciyanjano sicitha tsiku limodzi.

Motero, inu amene mumaitanidwa kukonza nkhani za m'banja, musalole kuti zinthu zakuya zikambidwe pakati pa phwando, pamaso pa ana ndi alendo; koma musalolenso kuti zikwiriridwe. Sankhani nthawi ndi malo. Wobwera kucokera kutali mpatseni mpata afotokoze yekha za moyo wace, musanamuuze zimene mwamkonzera. Wofuna kuulula coonadi mfunseni ngati waganizira za okalamba ndi odwala amene adzamva. Ndipo amene palibe womlankhulira, monga mkazi womira uja, wamasiye, mkamwini kapena mtengwa, mumkumbukire ndinu. Akuru adati cibale ndi pfupa, siciola. Koma pfupa lingathe kuthyoka, ndipo likathyoka lifuna womanga wodekha.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji oonerera a 1946 adalimva sewero limeneli kopambana a 1939? Kodi ici citiphunzitsa ciani za m'mene timamvera mabvuto a anzathu?

2. Mai Amy adalakwa pati, ndipo adakhoza pati? Nanga Harry?

3. Werengani Marko 7:9-13 ndi Mateo 10:37. Mungamlangize bwanji mnyamata kapena mtsikana amene amva kuitana kwa Mulungu, koma ali ndi makolo okalamba?

4. Fotokozani kusiyana kwa zipatso za chimo la makolo ndi mlandu wa chimolo, monga mwa Ezekieli 18.

5. Werengani Genesis 45. Chulani zinthu zinai zimene Yozefe adacita poyanjana ndi abale ace. Ndi citi cimene cimasowa kawirikawiri m'misonkhano ya mabanja athu?

Tipemphe Banja Loyera la ku Nazareti, Yezu, Maria ndi Yozefe, kuti m'nyumba zathu munenedwe coonadi ndi mtima wacifundo, ndipo kuti obwera ndi olandira omwe apezane pamaso pa Mulungu.